Nyimbo ya Rozaria ndi Hadidisiki ya ku Joni

Pa Nsaru, munthu akafuna kubenetsa nyimbo pa chimbale chaka cha 2008, ankalowera ku shopu ya Cosmas, kuseri kwa chigayo. Kompyuta yake inali nkhalamba yeniyeni. Ukaiyatsa inkayamba yatsokomola, iwe n'kupita kukagula mandasi, pobwera n'kuipeza ikadayasamula. Koma m'mimba mwake munali chuma: makwaya onse a m'deralo amene Cosmas anawajambula yekha. Yoyambirira inali nyimbo ya Rozaria, mtsikana wotsogolera kwaya ya pampingo, amene anamwalira pobereka. Mayi ake, a Anastazia, ankabwera tsiku la msika, kukhala pabenchi, kumvera mwana wawo, n'kumapita. Chimbale ankachikana, ati kunyumba kulibe choimbira.

Ndiye mkulu wake wa Cosmas anatumiza hadidisiki kuchokera ku Joni, kabokosi kosungiramo zinthu mu kompyuta. Yakale inali ya magiga 40, iyi 250. Cosmas sanadye tsiku limenelo. Koma ataiika, nkhalamba ija inangoonapo 137 basi, kwinako ngati kulibe.

Anaimbira msuweni wake Esnart, wokonza makompyuta ku Lilongwe. Esnart anayamba waseka kaye, kenaka anamuuza kuti makina akalewa ali ndi polekezera kuwerenga. Agwiritse ntchito gawo limene likuonekalo, kapena adikire amubweretsere kakhadi kothandiza kuti ione yonse.

"Ndipo yakaleyo usataye, mwamuna wanga wosauka iwe," anatero.

"Mkazi wanga, ng'ombe yonse ndapatsidwa, ndiye ndidye mwendo wokha?" anayankha Cosmas.

Kudikira kunamukanika. Ananyamula hadidisiki ija pa kabaza mpaka kwa mnzake Wongani, amene anali ndi kompyuta yatsopano. Kumeneko anaifomata yonse, kuikonza kuti iyambe kusunga zinthu, n'kukoperamo makwaya aja kuchokera mu yakale ija. Atabwera nayo, nkhalamba inalemba 250 bwinobwino, ngati mwana wa sukulu wokopera mayeso. Cosmas anavina. Yakale ija anamusiyira Wongani yothokozera, ndipo Wongani anaipukuta tsiku lomwelo n'kudzazamo mafilimu a karate.

Miyezi inadutsa zinthu zili myaa. Cosmas ankathiramo chilichonse: maukwati, mafilimu, maulaliki. A Anastazia nawo anamupempha kuti pa mwambo wa chiliza cha Rozaria, fodya akagulitsidwa, adzaimbe nyimbo ija pa zokuzira mawu. Iye anati zimenezo n'zazing'ono.

Chimene sankadziwa n'chakuti nkhalamba inangovomera pakamwa. Katundu atadutsa pa 137 paja, mutu unaizungulira. M'malo mopitirira kutsogolo inabwerera poyambira, n'kumalemba zatsopano pamwamba pa zakale, ngati munthu wolima amene wafika kumalire n'kutembenuka kuyamba kugalauza mizere yodzala kale. M'mawa wina Cosmas anayatsa, kompyuta n'kumufunsa ngati akufuna kufomata, ngati kuti mu hadidisiki ija munalibe kanthu.

Esnart anabwera ndi kakhadi kaja. Anakhalira ntchitoyo tsiku lonse osamuseka n'komwe, ndipo apa m'pamene Cosmas anachita mantha. Zambiri zinabwerera, ngakhale mafilimu amene palibe anawafuna. Koma pamene panali Rozaria panali patakhala ukwati wa anthu ena a ku Kabudula.

Tsiku la msika a Anastazia anafika, n'kukhala pabenchi pawo. Cosmas anagwada, nawafotokozera zonse, osabisa kanthu. Mayiwo anayang'ana kompyuta ija nthawi yaitali.

"Ndiye kuti wapitanso kachiwiri, eti?"

Cosmas anavomera ndi mutu, akadali chigwadire.

"Dzukani bambo, fumbi ilo," anatero mayiwo. "Munandisungira nthawi yonseyi. Ena amaika maliro osatsala ndi kanthu."

Sabata imeneyo Cosmas anatseka shopu n'kuyenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa a kwaya akale, ena mpaka ku maesiteti a fodya. Pa chiliza anaimba nyimbo ija. Atafika pamene Rozaria ankalowa yekha, onse anangokhala chete, poti palibe analimba mtima kutenga malo ake. Kenaka kunamveka mawu okalamba, onjenjemera, koma osaphonya ngakhale pamodzi. Anali a Anastazia. Benchi lija silinapite pachabe.

Cosmas anajambula, ndipo pofika madzulo nyimboyo inali pa zimbale zitatu, china kwa Esnart. Lero mukamuonetsa chinthu chachikulu chonyezimira, amayamba wafunsa kuti chakale muchiika pati. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.