Basela wa Pamsana pa Nguluwe

Kalekale, ana inu, mitengo isanathe m'phiri, padali mayi wamasiye dzina lake Nakanungu. Akuluakulu mukukadziwa kanyama kaja ka minga thupi lonse, kamene kamadzipinda kakaopsedwa. Mayiyu adali ndi ana atatu, kamunda ka kumtunda, ndi pakamwa posadziwa kupempha.

Chaka china, nthawi yopalira, adakagwira ganyu m'munda wa kudambo wa Nguluwe, bwenzi la malemu mwamuna wake. Adapangana dengu la chimanga pa ndime imodzi. Mayi adapalira, khasu lili khwa! khwa! mpaka ndime idatha.

"Alamu, ikanipo basela," adatero Nguluwe. "Kamzere aka kokha."

Adapalira.

"Ndi kanzake kali pambalipo."

Adapalira. Basela uja adakula, nakula, mpaka kuposa ndime. Dzuwa litapendeka, Nguluwe adatulutsa lichero la gaga, nanena pamaso pa aganyu onse kuti, "Zambiri mwalimazi ndi basela, ndipo basela salipira. Komanso kamimba kanuko, dengu lathunthu mukaliika pati?"

Aganyu adaseka, poti woseka pamodzi ndi mwini munda amaitanidwanso mawa. Nakanungu sadalire ndipo sadatukwane. Adaika lichero lija pansi ndi manja awiri, natsazika, napita kwawo chimanjamanja.

Chaka chomwecho mvula idadula msanga. Adakolola ndi Nguluwe yekha, chifukwa cha chinyontho cha kudambo. Pofika nyengo ya dzuwa loswa mtengo, aliyense adali atayamba kageni kapadera. Nkhanga, mnansi wa Nakanungu, ankagulitsa thobwa loti ukasuzumira m'chikho umadziona nkhope. Nyani ankagulitsa masuku osapsa. Nguluwe naye, ngakhale nkhokwe yake idali tho, adagwetsa mitengo yonse nawotcha makala, nazula ndi zitsa zomwe, dziko kungoti see.

"Anzanga, pitani mukagwade kwa aNguluwe," adatero Nkhanga. "Anawa aonda."

"Ndimagwadira Chauta ndi alendo," adayankha Nakanungu. "Dengu langa lili komweko, ndipo lidzabwera ndi miyendo ya mwini nkhokwe."

"Nanga ana adya mawu amenewo?"

Nakanungu adadziwa kuti funsolo lidali loona.

Tsiku lina akufunafuna therere pamwamba pa chulu, adaterereka. Gubudu, gubudu, mpaka phi! pamsana pa Njati amene adagona m'munsi mwake. Mayi adadzipinda, kudikira imfa.

"Iiii!" adabuula Njati. "Pomwepo, mayi! Tasunthirani kumanzere pang'ono!"

Mwaona, ana inu, chilala chidaumitsa matope osambamo, mitengo yodzikhulapo idapita ku makala, ndipo utitiri udamanga midzi pamisana ya nyama zonse zikuluzikulu. Nakanungu adagubuduka uku, nagubuduka uko, khwasu khwasu, khwasu khwasu. Njati adapereka chikho cha mapira, nafunsa ngati mawa apezekanso.

Ukaipa, dziwa nyimbo. Minga imene anzake ankaiseka ndiyo idasanduka mpamba. M'mawa mayi ankapita kukasosa kumunda kwake, masana ankakhala pamsika ndi kumaitana: "Kanda-kanda! Posafika chiboda, Nakanungu afika!" Msana umodzi, chikho chimodzi, ndipo pomaliza ankaonjezera basela kuseri kwa makutu. Musaseke, ntchito ndi ntchito. Ngakhale Fulu adaima pamzere, koma mayi adamubweza mwaulemu, kuopa kumudyera chabe.

Zikhozo zinkakwanira phala la ana. Koma mitambo idayamba kusonkhana kum'mawa, ndipo mbewu yoti adzale mvula ikagwa mayi adalibe ndi njere yomwe.

Masana ena adatulukira Nguluwe, ali wefuwefu, khungu likunjenjemera lokha.

"Alamu! Ndamva kuti mwatsegula kampani."

"Kageni chabe, alamu. Takulandirani."

"Mtengo wake bwanji?"

"Chikho."

"Chikho, chaka chino? Ine kwathu kulibe kanthu, tikugonera madzi. Koma akuti mumaika basela."

"Ndimaika."

"Ndipo basela salipira."

"Mudandiphunzitsa ndinu."

"Ndiye ine mungondipatsa baselayo yekha. Zinazo muzikanda olemera."

Nkhanga adanong'ona kuti, "Akanizeni, opanda manyazi awa!" Koma Nakanungu adangomanga chitenje chake, nakwera.

Adayambira kumchira, ndi nsonga zokha za minga, pang'onopang'ono, nyere nyere, kudzutsa utitiri umene udali m'tulo. Adaupirikitsa kuchokera m'nthiti za kumanja, nyere nyere. Adaupirikitsa kuchokera m'nthiti za kumanzere, nyere nyere. Wa m'khosi adautsitsa, wa m'chiuno adaukweza, kufikira wonse udasonkhana pakati pa mapewa, posafika mano, posafika mchira. Atatero adatsika, nadzisasa fumbi.

"Basela watha, alamu. Muyende bwino. Mukawapatse moni kunyumba."

Nguluwe adanyamuka akumwetulira, poti adapeza chaulere. Asanatuluke mumsika, msana udayaka moto. Adathamangira kumene kudali mkuyu, koma mkuyuwo adaugulitsa yekha m'matumba a makala. Adathamangira kudambo, napeza matope ali gwa, osamatika pathupi. Adagona chagada kuti adzikhule pansi, koma fumbi lidangoonjezera kuyabwa, ndipo mimba idamulemera osatha kudzuka. Adakhala choncho, miyendo ili m'mwamba kupalasa mphepo, mpaka Njati adamutembenuza ndi nyanga.

Adabwerera kumsika akudumphadumpha.

"Alamu, kwerani! Chikho ndibweretsa!"

"Chikho ndi cha kukanda," adatero Nakanungu mofatsa. "Koma ine sindiyamba ndime yatsopano, yakale isanalipiridwe."

"Ndime iti?"

"Ya kudambo."

"Ha, zakalekale zija? Kudali kucheza kwa pachilamu! Malemu akadakhalapo akadakuuzani."

"Malemu akadakhalapo akadakukandani ndi mpini wa khasu."

Msika wonse udafa nacho chiseko. Nkhanga adataya thobwa, ngakhale sipadatayike zambiri.

"Ndati kwathu kulibe chimanga!" adakuwa Nguluwe.

"Ndiye pepani, alamu. Utitiriwo nawonso uli pa ganyu. Musausokoneze, ungakupempheni basela."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nguluwe adaliyatsa liwiro la kunkhokwe, fumbi koboo. Posakhalitsa adatulukiranso atasenza dengu, akutyola mapewa ndi kupotoza chiuno, ana a mumsika akumuombera m'manja poyesa kuti wabwera ndi gule watsopano. Adatula dengulo pamapazi pa Nakanungu, chimanga chitaunjikana ngati chulu.

Mayi sadafulumire. Adapisa dzanja mpaka pansi, kuona ngati mwabisala gaga. Adaluma njere imodzi, kuona ngati ndi yofumbwa. Kenaka adasalaza pamwamba ndi chikhatho, nakankhira chotsalacho kwa mwini wake.

"Chapamwambacho tengani, ndi basela!" adatero Nguluwe ali njenjenje.

"Basela wanu ndimamudziwa, alamu, amathyola msana. Tidapangana dengu."

Apo ndi pamene adakwera. Adakanda ndi mtima wonse, khwasu khwasu, khwasu khwasu, poti ntchito yolipidwa sankaichita mwachinyengo. Utitiri udabalalika ngati anthu a pamowa mvula ikayamba. Nguluwe adagwada, kenaka adagona chammbali, maso ali tsinzi.

"Pomwepo... pomwepo... Inu ndiye mlamu wanga weniweni..."

Adagona tulo pakati pa msika, mkonono uli foo, foo. Nakanungu adakhala pambali pake ndi kumamuingira ntchentche, pokumbukira kuti wopusayo adanyamula nawo maliro a mwamuna wake. Nguluwe atadzuka adapereka chikho cha kukanda, osafunsa kanthu kapamwamba.

Ndicho chifukwa chake mpaka lero nguluwe ikapeza mtengo imayamba yaupatsa moni ndi msana. Inunso mukapita kumsika, yambani mwagula. Basela ndi mchira, ndipo mchira sutsogolera mbuzi.

Amene mudakwirira mbatata paphulusa kaphuleni, nthano yapsa. Dengu lidalowa m'nyumba ya Nakanungu lodzaza mpaka m'milomo, ndipo mvula itagwa, mayi adadzala.