Chala cha a Mphanje

Ndikanama pano, mphezi indiwaze pakati ngati chikuni! Pali manda a mayi anga, liwu lililonse ndi loona, ndipo amene akusekerera kumbuyoko atseke pakamwa, ntchentche zingaikiremo mazira.

Inu ana mumangomva dzina la Mphanje osadziwa gwero lake. Kholo lawo lidali mayi wadzitho amene adagwetsa nkhalango yonse m'mawa umodzi, mwana ali kumsana. Nkhwangwa sinkapulumuka m'manja mwake poti dzanja lamanja lidali ndi zala zisanu ndi chimodzi. Chalacho, pamodzi ndi dzina, chinkatsata mbumba ya kuchikazi. Lero a Mphanje ali ponseponse. Wina adapotola khosi la ng'ona, ng'onayo n'kupepesa. Ngakhale Mtchaina wina wopanga msewu atandipatsa moni ndidawerenga zala: Mphanje weniweni!

Koma dzinali lidayamba lanunkha. Ana atafa motsatizana pamudzi, mayi wina wa mtunduwo adanenedwa ufiti, adamwetsedwa mwavi, nafa. Anthu adalumbira kuti Mphanje aliyense ndi mfiti, mtundu wonse n'kubalalika. Ana a mayiyo, Kanjedza ndi mphwake Kadzuwa, adasiyana pamphambano. Kanjedza adaika dzanja pachitsa, nadula chala chija ndi kasemasema. Chala adataya, dzina adataya. Kutali uko adalowa chikamwini kwa mkazi wina, Nangondo, nabereka mwana wamkazi, Mwandida.

Kenaka kudagwa njala, njala yoti mbewa zinkapempha kwa anthu. Tsiku lina pabwalo padafika munthu wowonda ngati bango, dzanja atalikulunga m'nsanza.

"Achimwene," adatero, "ndine Kadzuwa. Madzi okha a phala."

Malume a Nangondo, a Chikaonda, adali pomwepo. "Akamwini, mlendoyu mukumudziwa?"

Kanjedza adayang'ana nsanza ija. Ikamasulidwa, banja latha, mwavi ukumudikira.

"Ine ndilibe mphwanga, malume. Njala yamuzunguza mutu."

"Achimwene, si inu munkandibereka kumsana?"

"Choka, wamisala iwe!"

Agalu adamuperekeza mpaka kutchire.

Zaka zidapita, mvula idabwerera. Amayi akuswa tchire kumapeto kwa munda adapeza mafupa a munthu patsinde pa mtengo. Tsono mwambo mukuudziwa: wakufa saikidwa ndi mbale wake, amaikidwa ndi adzukulu, anthu apadera. Akale ankati mbale akagwira mtembo, imfa imamutsata kunyumba n'kukatenga mwana.

"Akamwini," adatero a Chikaonda, "inu ndinu obwera, kuno mulibe ndi mbale yemwe. Tengani khasu, mutiikire mlendoyu."

Kanjedza adagwada. Mnofu udatha kalekale, nsanza chiswe chidadya, koma dzanja lidali gone padothi, mbee! Zala zisanu, ndi china pambali. Adatembenuka, naona Mwandida atagwira nsalu ya mayi ake, akuyamwa chala.

"Bambo a Mwandida, tolani msanga, dzuwa likuwawa," adatero Nangondo.

"Sindingagwire."

"Mwamuna wamkulu kuopa mafupa?" adaseka a Chikaonda.

Kanjedza adakweza dzanja lake, chipsera chili poyera. "Uyu ndi Kadzuwa, mphwanga, mimba imodzi. Ine ndine Mphanje. Ndikamugwira, mwanayu saona mwezi wina."

Nangondo adabisa nkhope ya mwana m'nsalu. Mafupawo adaikidwa ndi ena, mwini wake ataima patali ngati galu wakuba. Madzulo ake Kanjedza adapeza mkeka ndi nkhwangwa yake zili panja, chitseko chotseka. Mwandida sadamuonenso mpaka imfa.

Kanjedza adayenda dziko lonse, mapiri mpaka kuphwa ndi mapazi ake, akufuula dzina lomwe adalitaya. Kulikonse kumene wadutsa, a Mphanje obisala ankatulutsa manja m'nsalu. Umu ndi m'mene dzinalo lidafalira.

N'chifukwa chake akulu adati, chibale ndi fupa, sichiola. Dzina ungasinthe, mudzi ungasamuke, chala ungadule, koma mbale wako akhalabe mbale wako. Ukamukana ali moyo, udzamuvomera ali mafupa, phala lisakumuthandizanso.

Ukuti chiyani iwe wamakutu ngati lichero? Afisi akadatafuna mafupawo? Zamkutu! Fisi amene adayesa kuluma fupa la Mphanje ndidamuona ine ndi maso angawa, alibe ndi dzino limodzi, akudya maungu.