Mkamwini Wobwela pa Ndege

Josphat Mwanza anali ndi khutu lomwe amakaniko anzake ankalisilila. Akakhudzitsa sikuludilaiva pa injini n'kuika chogwilila kukhutu, ankadziwa chomwe chikudwala m'kati. Ntchito yake inali yosamala kandege ka kampu ya alendo, kamene kankagona pa Petauke.

Koma chikondi chimagonthetsa. Josphat anali atafa ndi Dainess wa ku Nyimba, namwali wa kamwetulila kosungunula mtima, ndipo Loweluka anayenela kukaonekela kwa amalume a namwaliyo, aNjobvu. Mwamwayi, tsiku lomwelo kandegeko kanali ndi ulendo wokatula katundu ku Sandwe, kenaka n'kukatenga alendo pafamu ina pafupi ndi Nyimba. Woyendetsa, amai Tamara Daka, anamulola kukwela nawo.

"Uwauze ayang'ane kumwamba," anatelo Josphat kwa Dainess pafoni. "Ena amabwela pa njinga, ine nitsika m'mitambo!"

Lachinayi anavula lamba wa alitaneta, kachipangizo kodyetsa batile magetsi, n'kuzungulitsa gudumu lake ndi dzanja. Mabeling'i, timipila tachitsulo tomwe gudumulo limazungulilapo, anakukuta ngati munthu wotafuna mchenga. Atagwedeza, gudumu linavina. Lamulo ankalidziwa bwino: kulemba m'buku, kuimitsa ndege, kudikila alitaneta ina kuchokela ku Lusaka. Masiku anayi.

Anawelenga zala, Loweluka linagwela m'kati.

Basi anatapa gilizi wa ngolo, wolimba ngati chiponde, n'kumukanikizila m'mabeling'imo mpaka kukukuta kunati zii. Anapukuta alitaneta ija mpaka kuwala mbee.

"Zili bwanji, aMwanza?" anafunsa amai Daka.

"Ili monga yatsopano, amai. Mukhoza kudzionelapo nkhope."

"Nkhope nili nayo kale. Nifunsa za m'kati."

"M'kati muli mtendele."

Loweluka ananyamuka, Josphat ali mu suti yakuda, akununkhila ngati sitolo. Ali pamwamba pa minda ya kwa mfumu Kalindawalo, gilizi uja anasungunuka ndi kutentha. Kunamveka kulila kwa nkhumba yogwidwa mwendo, kenaka lamba anati phaa! Kanyali kofiila kanayaka, wailesi inayamba kutsamwa.

"Injini ili ndi moto wakewake, sitigwa," anatelo amai Daka mosatembenuka. "Koma mtendele wanu uja, bambo, ndi umenewu?"

Josphat anali kalikiliki kulapa machimo, ndi a ku pulayimale omwe.

Anatela bwinobwino ku Sandwe, koma batile inali itauma gwa. Alitaneta itatsegulidwa, timipila tija tinali tabuluu ndi moto, gilizi wa ngolo akudontha ngati umboni m'khoti. Amai Daka anangojambula zonse ndi foni kuti akaonetse mabwana.

Ku Nyimba, banja lonse linali padzuwa chiyambile m'mawa, makosi ali chagada. Khwangwala aliyense wodutsa ankamuimbila nthungululu. ANjobvu anali ataitana ndi akwaya omwe. Foni ya mkamwini sinkalowa, pakuti ku chigwa cha Sandwe kuja mafoni amangokhala tochi.

Josphat anafika Lolemba madzulo, pamwamba pa lole ya thonje, suti ili ndi ubweya ngati nkhosa.

"Ndege mwaimika kuti, bambo, ana angaiseweletse?" anafunsa aNjobvu, akusisita khosi.

Josphat anagwada n'kuulula zonse. Anati chinamulakwitsa ndi chikondi, poganiza kuti mawu amenewo afewetsa Dainess. Koma namwaliyo anapinda manja.

"Chinthu chinalila kuti chadwala, imwe munachitseka pakamwa," anatelo. "Nanga ine nikazalila m'nyumba mwanu, muzanipaka gilizi?"

Azimai anaseka mpaka kugwilana mapewa. ANjobvu anakweza dzanja.

"Mwana sitikukanizani. Koma munthu wolephela kudikila masiku anayi tifuna timuone bwino. Mubwele chaka chamawa tikakolola, ndipo mubwele wapansi, tikuoneni muli patali."

Miyezi khumi ndi iwili! Josphat anatuluka pamudzipo akutola thonje m'tsitsi. Lelo ali m'galaja ina pa Petauke, akukonza zigayo podikila mlandu wake wa kuntchito, ndipo beling'i ikangokhosomola amaima n'kuvula chipewa. Chaka nacho chikuyenda ngati chavulala mwendo.

Akulu sananame: kuthamanga si kufika.