Chikhomo cha Pamlatho

Abale anga, m'tauni ina yaikulu munali telala wina. Ankasokera pakhonde la golosale, moyang'anana ndi kamlatho kolumikiza madera awiri, la Kumtunda ndi la Kumsika. Dzina lake ndi ochepa ankalidziwa. Aliyense ankangoti a Telala.

Munthuyu anali ndi mphatso, ndipo sindikufuna kumulanda. Ankadziwa kuleretsa ndewu. Amayi akakokana madilesi pampopi, anthu ankathamangira kwa iye. Anyamata a kabaza a siteji ya Kumtunda akalimbirana kasitomala ndi a siteji ya Kumsika, iye ankaimitsa makina, tepi ili m'khosi, n'kukaima pakati pawo. Anachita zimenezi zaka makumi awiri popanda womupatsa kanthu. Mphoto yake inali mawu awiri okha: "Kaitaneni a Telala." Mawu amenewo ankamukoma kuposa tiyi wa mkaka.

Koma ndewu sizinkatha. Ankazimitsa moto lero, mawa wayakanso, chifukwa pansi pake panali bala losapola. Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, m'mawa wina, mnyamata wa kabaza wa Kumsika dzina lake Malizani anamenyedwa ndi chitsulo m'mutu ndi gulu la anyamata a Kumtunda. Omumenyawo atathawa, iye anadzandira n'kukagwera tsidya la mlatho, pambali pa ngalande. Telala ndiye anayamba kufikapo. Anang'amba nsalu ya kasitomala n'kumumanga nayo mutu. Atafika mayi ake a Malizani ndi mkulu wake Limbikani, atatuwo anamunyamulira m'galimoto. Anakamwalirira kuchipatala.

Palibe amene anamangidwa. Choposa apo, palibe ndi mmodzi yemwe wa Kumtunda amene anapita kusiwa kukapepesa. Kuyambira pamenepo madera awiriwa sankamwerana madzi. Anthu ankadziwa kuti kunafa munthu, koma pamene anagwera penipeni ankapadziwa ndi atatu aja basi. Mayi ake akamadutsa pamenepo ankalambalala.

Ndiye chaka china kunabwera anthu a ku yunivesite. Anali ndi ntchito yophunzitsa anthu a m'matauni kukhazikitsa mtendere ndi kupewa ziwawa. Anabwera mphunzitsi mmodzi, a Mtambalika, ndi ophunzira ake, atanyamula mapepala akuluakulu ndi zolembera. Anayenda khomo ndi khomo. Anafikanso pakhonde la telala n'kumupempha kuti akakhale nawo pa maphunziro a milungu isanu ndi umodzi.

Telala anaseka. "Ine ndikaphunzitsidwe mtendere ndi ana obadwa dzulo? Pitani, mukakanika mundipeza pompano."

Mumtima ankati abweranso, ndipo abwera atagwada. Sanabwere. Maphunziro anachitika, ndipo pomaliza anthu a madera onse awiri anasankha komiti ya anthu khumi ndi awiri. Wapampando anasankhidwa Mayi Nankhoma, ogulitsa tomato. Mayiwa anali atangokhala m'deralo zaka zitatu. Ankagona Kumtunda, ankagulitsa Kumsika, ndipo analibe mbali pa mikangano yakale. N'chifukwa chake onse anawakhulupirira.

Apa, abale, m'pamene mtima wa telala unayamba kuwawa. Mayi Nankhoma analandira satifiketi, n'kuipachika pabenchi lawo la tomato. Anakalankhula pa wayilesi. Telala anazimitsa wayilesiyo, kenako n'kuiyatsanso motsitsa kuti amve ngati amutchula. Sanamutchule. Tsiku lina pampopi panabuka phokoso. Telala anaimitsa makina, n'kukonza tepi m'khosi, n'kudikira. Ndiye anamva mayi wina akufuula kuti, "Kaitaneni Mayi Nankhoma!" Anakhalanso pansi pang'onopang'ono, ndipo tsiku limenelo anasoka mkono wa malaya mozondoka.

Chomwe chinamupweteka koposa n'chakuti ntchito ya mayiwo inkayenda. Iwo sankangoleretsa. Ankakhazika anthu pansi, aliyense n'kunena chakukhosi mnzake akumva. Anagwirizanitsa masiteji awiri aja kuti wa Kumtunda akatsitsa munthu Kumsika azibwerera wopanda kanthu, wa Kumsikanso chimodzimodzi. Mwezi unatha popanda wosweka mutu. Unatha wachiwiri. Amayi anayamba kutuma ana kutsidya opanda mantha. Aliyense ankathokoza Mulungu, kupatula munthu mmodzi amene anakhala zaka makumi awiri akunena kuti amafuna mtendere.

Musamuseke telala, chifukwa ndikuona nkhope zina muno zikumwetulira ngati nkhaniyi ndi ya kwa eni. Nsanje ya galimoto la mnzako timaidziwa, ndipo timachita nayo manyazi. Koma pali nsanje ina imene imavala suti n'kubwera kutchalitchi. Ndi nsanje ya ntchito yabwino. Umafuna chabwino chichitike, inde, koma chichitike ndi manja ako. Chikachitika ndi manja a wina umachiona ngati chakuba.

Ndiye a ku yunivesite ndi komiti anakonza tsiku lalikulu, Loweruka, loti madera awiriwa agwirane chanza pamaso pa anthu n'kudzala mtengo wa mtendere. Mayi Nankhoma anabwera okha pakhonde paja ndi nsalu yobiriwira.

"A Telala, tikufuna majekete khumi ndi awiri a komiti. Ena amati tikasoketse m'tauni, ine ndakana. Ndati tili ndi bambo wathu pompano."

Iwo ankamulemekeza. Iye anamva ngati amuthira tsabola pachilonda. Anasoka majekete khumi ndi awiri, ndipo ngakhale ankadziwa nambala yake, anawawerenga katatu, ngati kuti lakhumi ndi chitatu litulukira lokha. Manja ankasoka mawu oti Mtendere pamsana pa jekete lililonse, mtima ukusoka zina.

Lachitatu a Mtambalika anafika ndi ophunzira awo, atatambasula mapu. Anthu ophunzira amakonda chilungamo choyeza. Ankafuna kuti mtengo udzalidwe pakati penipeni, wina asadzadandaule kuti wakonderedwa. Anayeza kuchokera pa siteji ya Kumtunda, anayeza kuchokera pa siteji ya Kumsika, ndipo chingwe chinawafikitsa tsidya la mlatho, pambali pa ngalande. Wophunzira wina anatenga mwala n'kukhoma chikhomo pamenepo.

Telala anasiya kupalasa makina. Chikhomocho chinali pamene panagona mutu wa Malizani.

Sitingawadzudzule a Mtambalika, chifukwa anafunsa. Anawoloka msewu, n'kuvula chipewa.

"Bambo, inu mwakhalitsa kuno. Malo tasankhawa ali bwino? Amene adzakumbe dzenje ndi wapampando wa siteji ya Kumtunda, ndipo mayi ake a malemu Malizani tawaitana kuti adzakhale kutsogolo."

Taganizani, abale. Munthu wa Kumtunda, wa gulu lomwe silinapepese, atenge khasu n'kukumba pamene panakhetsedwa magazi a mwana, mayi wake akuonerera. Telala anaziona zonsezo m'maso mwake nthawi yomweyo. Ankadziwa kuti kumeneko n'kufukula maliro. Ankadziwanso mankhwala ake: kusuntha chikhomo mapazi khumi, ndipo Loweruka lisanafike a Kumtunda apite kaye kunyumba kwa mayiwo kukagwada. Mawu ochepa okha akanakwanira.

Koma nsanje inamunong'oneza. Ukawauza, tsikuli liyenda bwino, ndipo pa wayilesi adzatchula ndani? Ukakhala chete, zidzasokonekera pang'ono chabe, anthu adzakalipirana, kenako adzakumbukira kuti kuno kuli mwini wake wa ntchitoyi.

Anaweramira makina n'kunena kuti, "Ophunzira ndinu. Ife timangodziwa singano."

Sananame, mwamva? Ngakhale bodza limodzi sananene. Anangotseka pakamwa.

Madzulo anafotokozera mkazi wake, akuseka kuti anthu a madigiri akhoma chikhomo pamanda. Mkaziyo sanaseke.

"Bambo, wakutsina khutu ndi mnansi. Kawatsineni khutu anthuwo kusanaipe."

"Ali ndi satifiketi, iwauze," anayankha choncho.

Lachinayi chikhomo chinali pomwepo. Lachisanu chinali pomwepo. Akakweza maso kuti alowetse ulusi m'singano, ankachiona. Kawiri konse anaimirira kuti awoloke msewu akachizule. Kawiri konse anaona majekete obiriwira atapachikidwa pachingwe, n'kukhalanso pansi. Mulungu anamupatsa masiku atatu, ndipo onse anawadya.

Loweruka dzuwa linawala bwino. Anamanga tenti, anabweretsa zokuzira mawu, njinga za kabaza zinandandalika mbali ziwiri. Telala sanapite. Anakhala pakhonde lake ngati wotanganidwa, koma m'makina munalibe ulusi. Anthu anapemphera, analankhula, anaomba m'manja. Kenako Mayi Nankhoma anatsogolera khamu lonse kupita pa chikhomo chija, n'kupereka khasu kwa wapampando wa Kumtunda.

Khasu litangolowa m'dothi, mayi ake a Malizani analira. Sikunali kulira kwa pamsonkhano, kunali kulira kwa pamaliro. "Mwana wanga ine! Munamupha pomwepa, lero mwabwera kudzamukumbanso!" Limbikani, mkulu wake wa malemu, anaganiza kuti a Kumtunda achita dala kuti awanyoze. Anatola mwala. A Kumtunda anatola yawo. Mipando inauluka, tenti inagwa, ophunzira anathawira m'ngalande.

Ndipo pakati pa phokosolo telala anamva mawu amene anawadikira miyezi yonseyi: "Kaitaneni a Telala! Kaitaneni a Telala!"

Ndikuuzeni zoona, mtima wake unadumpha ndi chimwemwe. Anakonza tepi m'khosi, n'kuwoloka msewu ngati mkwati. Koma atafika anapeza kuti pakati, pamalo pake poima, panali pataima kale munthu wina. Mayi Nankhoma sanathawe. Anatambasula manja pakati pa magulu awiriwo, ndipo mwala unawapeza padiso. Anali atagona pambali pa ngalande, pomwe paja, magazi akutsikira pajekete lobiriwira. Telala anang'ambanso nsalu n'kumanganso mutu wa munthu, pamalo omwewo, kachiwiri.

Akumanga choncho, mayi ake a Malizani anamugwira pamkono. Sanakweze mawu.

"Ana asukuluwa sankadziwa. Mayi awa sankadziwa. Koma inu munalipo, ndipo khonde lanu layang'ana pompano."

Telala anangoweramira nsalu imene ankamangayo.

Diso lija madokotala analephera kulipulumutsa. Patapita sabata, Mayi Nankhoma anatumiza uthenga kuti a Telala akawaone kuchipatala. Anapita akuganiza kuti amva zonse. Koma mayiwo anali asanamve kanthu. Anatulutsa jekete lija pansi pa pilo, litang'ambika paphewa.

"Bambo, ine ndinalakwa posakufunsani bwino. Palibe wodziwa dera lino kuposa inu. Komiti isafe. Tengani ili, mukhale wapampando."

Mwaona, abale? Anapeza zonse zimene ankazifuna. Mpando anaupeza. Jekete analipeza, ndipo analisoka yekha paphewa paja. Kuitanidwa ankaitanidwa tsiku ndi tsiku, chifukwa ndewu zinabwerera kuposa kale, ndipo amayi analekanso kutuma ana kutsidya. Koma jeketelo analichapa ndi sopo wa mtundu uliwonse, banga la pachifuwa silinachoke. Linakhala pamsomali pamwamba pa makina ake, ndipo sanalivale ngakhale tsiku limodzi. Mayi Nankhoma akamadutsa ndi dengu la tomato, ankatembenuza mutu wonse kuti amuone ndi diso lotsalalo, n'kumupatsa moni wa ulemu. Moni umenewo unkamulasa kuposa mwala.

Tanthauzo lake nali. Telala uja sanaponye mwala, sanagwire khasu, sananame. Akanapita kukhoti akanatuluka wopanda mlandu. Koma Mulungu sawerenga miyala yokha imene taponya. Amawerenganso mawu amene tinawameza chifukwa akanathandiza munthu amene timamuchitira kaduka. Munthuyu ankaganiza kuti amakonda mtendere, koma mtendere utabwera kudzera mwa wina zinaoneka kuti ankakonda dzina lake. Amene amakonda mtendere moona amakondwa ukafika, kaya wabwera ndi wogulitsa tomato, kaya ndi mwana wa ku yunivesite, kaya ndi mlendo wa zaka zitatu.

Ndiye ndikufunseni. Mu kwaya muja, mu komiti ya chitukuko muja, kuntchito kuja, m'banja muja, alipo amene anakhala pampando umene mumauona ngati wanu. Ndipo mwina inu mukuona chikhomo chimene iye wakhoma pamalo olakwika. Mukuchiona, mwangokhala chete, mukudikira kuti agwe kuti anthu akukumbukireni. Dziwani kuti akadzagwa sadzagwa yekha, ndipo mpando umene mudzaulandire udzabwera ndi banga losachapika.

Lero kwa inu likadali Lachitatu. Tikatuluka muno, wolokani msewu, mukamuuze mnzanuyo asunthe chikhomo.