Nyimbo ya Agwape

Kalekale ndithu, m'tsinde mwa phiri lina lozizira ku Dedza, munali kwaya ya amayi yoimba ndi pakamwa pokha, popanda ng'oma. Woitsogolera anali mayi okalamba, a Nazimbiri. Nkhalango ya m'phirimo inali kutha ndi makala, agwape akuthera m'misampha.

"Anzanga, kulankhula talankhula, satimva," anatero a Nazimbiri. "Mwezi wa Juni uno tiyeni tiimbire nkhalangoyi."

Nangondo, mmodzi wa oimbawo, ndiye anapeka nyimbo. M'mawa uliwonse ankalowa m'phiri nkhungu isanachoke, kumvetsera njiwa ndi apumbwa, kulondola mapazi a agwape otsalawo. Pomaliza nyimboyo, mapazi ake anali atang'ambika ndipo chifuwa chinamugoneka pamphasa.

Najere, mnzake wa m'kwayamo, mawu ake sanali okoma kwenikweni. Iye anayenda mudzi ndi mudzi kuitana owotcha makala ndi otchera misampha kuti adzamve nyimboyo. Ambiri anamuseka. Mwamuna wake yemwe, amene ankadyetsa banja ndi makala, anamufunsa, "Kodi ana adzadya nyimbo?" Anamuuza kuti abwerere kwawo. Najere anakagona kwa mchemwali wake, koma kuitana sanasiye. Tsiku litakwana, amuna aja anabwera, mwamuna wakeyo ali pakati pawo.

Tsikulo mphepo inkalowa mpaka m'mafupa. Amayi anaima pabwalo atafunda zitenje, milomo ikunjenjemera. Pakati pa nyimbo ya agwape, mawu a Nazimbiri anangozima. Kwaya inasokonekera, amuna n'kuyamba kunyamuka. Pamenepo Nankwenda, amene anali asanaimbepo chiikireni mwana wake m'manda, anaitola nyimbo pomwe inagwera. Anaimba za gwape wamkazi wofunafuna mwana wake m'thengo lopsa, misozi ikutsika. Anzake anamutsatira. Amuna aja anakhalanso pansi.

Patapita masiku, amunawo anabweretsa misampha yawo n'kuiunjika pabwalo. Makala sanasiye onse, koma mbali imodzi ya phiri anaileka kuti iphuke.

A Nazimbiri anaitana amayi atatuwo. "Ine ndatopa, ana anga," ananong'ona, poti mawu sanabwererenso. "Mmodzi wa inu atsogolere kwayayi."

Aliyense mwa atatuwo anali ndi kutopa kwake.

Nanga inu mukuti apatsidwe ndani? Amene anapeka nyimbo mpaka kudwala, amene anaika banja lake pachiswe kuti omvera abwere, kapena amene anaimba ndi chisoni chake pamene zonse zinali kugwa?