Khoma la pachipata cha msika

Alhaji Twaibu Mbwana adafika kwa Shehe Swaleyi Likonde Lachinayi, swala, pemphero la masana, itangotha. Ine ndidali pomwepo, pakuti nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa ana pamadrasa a Shehewo. Alhaji adali mwini magalimoto onyamula katundu, munthu wosazolowera kukanidwa. Adapereka salamu, Shehe adayankha nawasonyeza mkeka, koma iwo adasankha mpando.

Chimene adadzera tonse tinkachidziwa. Chaka chimenecho Alhaji adamangitsa khoma lalitali pachipata cha msika wa khonsolo, nalembetsapo ndime ya m'Qur'an ndi utoto wobiriwira. Atsogoleri a mipingo ina adakasuma kukhoti, ati malowo ndi a boma ndipo msika ndi wa aliyense. Khoti lidalamula kuti mawuwo aphimbidwe kufikira mlandu utagamulidwa. Tsiku limene antchito a khonsolo adabwera ndi lona wophimbira, anyamata a mbali zonse ziwiri adasonkhana, ndipo posakhalitsa adayamba kugendana. Mwala umodzi udamenya m'mutu wakabaza wina, Edisoni Nampanda, amene ankangodikira wokwera pachipatapo. Adamwalira asanafike naye kuchipatala. Woponya mwalawo sadadziwike.

"Shehe," adatero Alhaji, "Lolemba khoti likupereka chigamulo, ndipo loya wanga akuti zinthu sizili bwino. Akhoza kulamula kuti khoma ligwetsedwe. Ndabwera kudzakupemphani kuti mawa pa pemphero la Juma muwauze anyamata akalitchinjirize. Inu mukalankhula, amamva."

Shehe adali munthu wochepa thupi, wolankhula motsitsa. Adafunsa kuti, "Alhaji, kodi kumaliro a Nampanda mudafikako?"

"Sadali Msilamu, Shehe. Komanso palibe akudziwa kuti mwalawo udachokera mbali iti."

"Ine ndidafikako. Wasiya ana awiri ndi mkazi woyembekezera. Ndidapepesa mayi ake. Adangoyang'ana mkanjo wangawu mpaka ndidaweramitsa mutu."

Alhaji adasuntha pampando, nkhope itachita mdima. "Imfa ija tonse yatikhudza. Koma tingokhala manja lende, dzina la Allah ataliphimba ndi lona ngati matumba a chimanga? Mundikhululukire Shehe, anthu ayamba kunena kuti mukuopa boma."

Shehe sadasinthe nkhope pomva mawu amenewo.

"Mantha ndili nawo, Alhaji, koma si a boma. Ngati khoti lilakwitse, loya wanu akachite apilo. Ine ndidzapita nanu, tidzakhalira limodzi pabenchi. Koma ana a anthu sindiwatumanso pachipata paja."

"Nanga tsiku la Kiyama, la chiweruzo, mudzayankha chiyani," adafunsa Alhaji, "mukadzafunsidwa kumene mudali pamene anthu ankagwetsa mawu a Allah?"

Shehe adaweramitsa mutu. Kuseri kwa nyumba ana ankawerenga mokweza phunziro la Qur'an limene ndidawasiyira. Kenako Shehe adadzutsa mutu nawayang'ana Alhaji m'maso.

"Mawu a Allah ndi awo mukuwamva kuseriko, Alhaji. Ali m'mitima mwa ana, m'mene nyundo ya khonsolo siingafike. Njerwa za khomalo mudaumbitsa ndinu. Likagwa mudzaumbitsa zina, tidzalimanga pabwalo pa mzikiti, ndipo ine ndidzakutungirani madzi. Koma Nampanda adamuumba ndi Allah. Funso limene ine ndikuliopa tsiku limenelo ndi la iyeyo, pakuti inu ndi ine, ngakhale titaitana amisiri onse a m'boma lino, sitingathe kumuumbanso."