Tsiku Limene Atcheya Nguluwe Analemba O

Kalekale, ana inu, nyama zinatsegula sukulu pansi pa mtengo wa mkuyu. Yankhani kuti tili tonse. Nanunso akuluakulu musayang'ane kumbali, nkhaniyi ndi yanunso.

Mphunzitsi anali mayi Nkhanga. Bolodi analibe, choko analibe. Ankasalaza mchenga ndi phiko, n'kulemba ndi chala cha kuphazi, ana n'kumatsatira ndi timitengo. Dzuwa likakwera, phala linkapsa, mwana aliyense n'kulandira m'kachikho kake.

Ndiye kunabwera Nguluwe. Mwana pasukulupo analibe. Anangomva fungo la phala, n'kufika ali fwe fwe fwe.

"Kuyambira lero tcheyamani wa komiti ya sukulu ndine. Alipo wotsutsa?"

Makolo anayang'ana mano ake aja otulukira kunja. Onse zii. Taonani manthawo! Makolo athunthu, ndevu pepeya, zii!

"Lamulo langa nali," anatero Nguluwe. "Wolephera mayeso sadya. Phala la mbuli lidyedwa ndi komiti."

Komitiyo anali iye yekha.

M'mawa mwake anaimika ana pamzere. "Iwe, lemba Bilimankhwe! Iwe, lemba Chimbalangondo! Fulumirani, phala likuzizira!"

Mayi Nkhanga anakupiza mapiko. "Atcheya, ana awa angoyamba dzana. Chaka chino adziwe a, e, i, o, u. Adziwe kugwira cholembera, alembe dzina lawo, aphatikize ba, be, bi. Mwana amayamba wakwawa asanathamange."

"Nkhanga," anatero Nguluwe, "ndikudziwa pamene umaikira mazira."

Mayi Nkhanga anapinda mapiko, n'kubwerera pamchenga pawo.

Mwana akalemba, "Walakwa!" Khapu khapu, chikho mbee. Wina akalemba, "Walakwa!" Khapu khapu, chikho mbee. Ngakhale mwana wa Gologolo atalemba bwinobwino, zilembo zonse zili m'malo mwake, Nguluwe anangosuzumira n'kunena kuti, "Walakwa!" Chifukwa iyeyo kuwerenga sankadziwa, ngakhale chilembo chimodzi.

Ana anaonda, nthiti mbee. Nguluwe ananenepa mpaka khosi linasowa.

Panali mayi wina wamasiye, dzina lake Sakhwi, kanyama kochepa ngati mbewa, kamphuno katali. Mwana wake Siyeni anafika kunyumba tsiku lina, n'kutaya kachikho pansi.

"Amayi, kusukulu sindipitanso. Ndine mbuli."

"Wakuuza ndani?"

"Atcheya. Dzina langa ndinalemba, aphunzitsi anaomba m'manja. Koma atcheya akuti ndalakwa, adya phala langa."

Sakhwi ananyamuka nthawi yomweyo. Anapita kwa Njati, Njati akuti ndatanganidwa. Anapita kwa Nyani, Nyani akuti zimenezo n'za komiti.

"Inu a Njati, nyanga zonsezo ndi zokandira msana?" anakalipa Sakhwi. "Ana anu akudya mchenga, inu mukuti za komiti! Chabwino. Ndikamuona ndekha."

Tsono m'mphepete mwa munda wina wa chinangwa munthu anali atatchera msampha: chingwe chozungulira chogona pansi, chomangidwa ku mtengo wowerama, pakati pake pali kamtengo kofwamphulira. Sakhwi ankaudziwa, poti njira zake zinkadutsa pomwepo.

Anamupeza Nguluwe akugeya pamthunzi. Anagwada, mtima ukuwira, koma pakamwa pali uchi.

"Atcheya, kunjaku kuli miseche. Akuti inu kulemba simudziwa."

"Ndani? Ndani wanena? Ndimutumbula!"

"Onse, bambo. Mawa akufuna mulembe chilembo chimodzi pamaso pawo. Akuti mukalemba, mphika wonse ndi wanu, phala lothira nsinjiro. Mukalephera, utcheya watha."

Nguluwe anatsitsa mawu. "Ine kulemba ndimadziwa. Koma maso masiku ano..."

"Ndi zimene ndabwerera. Ine ndidzapempha kuti mulembe O. Kumunda wa chinangwa kuja ndakuyalirani kale chingwe mozungulira, ndachikwirira ndi timasamba. Inu mudzangoika mphuno, n'kumatsata chingwecho. Mukazungulira, mudzagunde kamtengo kali pakati, ndiko kumaliza kwake."

"Basi?"

"Basi."

"Ndiwe mkazi wanzeru. Ndidzakusiyira zokanda za mumphika."

Kutacha, Sakhwi atamema onse, sukulu yonse inasamukira kumunda kuja, makolo pambuyo, mphika wa phala patsogolo ukufuka nthunzi. Sakhwi anakhazika ana patali ndithu, n'kukwera pachulu.

"Ana inu, penyetsetsani. Lero atcheya atiphunzitsa O."

Nguluwe anatsokomola, anagwedeza kamchira. "Onani mmene amalembera anthu ophunzira, mbuli inu!"

Mphuno pansi. Fwe fwe fwe, akuzungulira. Fwe fwe fwe, diso limodzi lili pamphika. Atazungulira, anagunda kamtengo kaja.

Thwaa! Mtengo unaweramuka, chingwe chinamugwira m'khwapa, chimimba chonse m'mwamba lende!

"Aaaa!" anakuwa Nguluwe.

Mayi Nkhanga, uphunzitsi uli m'magazi, anatembenukira kwa ana. "Mwamva? Nonse pamodzi!"

"Aaaa!" anayankha ana.

Nthambi yaminga inamulasa kumbuyo. "Eeee!"

"Eeee!"

Pamtengopo panali chisa cha mavu, ndipo mavuwo sanakondwere ndi kugwedezedwa. "Iiii! Iiii!"

"Iiii!"

"Oooo, mayo ine! Nditsitseni!"

"Zinazo musatsatire," anatero mayi Nkhanga. "Oooo yekhayo."

"Oooo!"

Sakhwi anafika pansi pake, manja m'chiuno. "Yatsala imodzi, atcheya. Pambuyo pa O pamabwera chiyani?"

"Sindikudziwa!"

"Kwezani mawu, makolo kumbuyoko sakumva."

"Sindikudziwa! Sindinapiteko kusukulu! Nditsitseni!"

"Simukudziwa? Ndiye ana aja munkawayesa ndi chiyani? Mwana wanga wagona ndi njala, wadzitcha mbuli, chifukwa cha mimba yanuyi! Lamulo ndi lanu lomwe: wolephera sadya. Aphunzitsi, gawani phala."

Ana anafola, zikho m'manja. Siyeni analandira choyamba. Anadya ali chiimire, akuyang'ana m'mwamba, Nguluwe akuzungulira pachingwe, malovu ali chuu. Apo ndi pamene Njati anapeza mawu: "Inetu ndinkaona kale kuti munthuyu ndi wakuba."

"Khalani chete inu," anatero Sakhwi. "Katsukeni mphika."

Ndipo Njati anakatsuka.

Posakhalitsa kunamveka agalu, mwini munda akubwera. Nguluwe anaphiriphitha, anaphiriphitha, chingwe n'kuduka. Anagwa chagada, khuu! Mpweya wonse unatuluka: "Uuuu!"

"Uuuu!" anakuwa ana akubalalikira kutchire ndi zikho zawo. "Mwakhoza, atcheya!"

Nguluwe anathawa osacheuka, agalu ali m'mapazi. Pasukulu paja sanapondenso. Mpaka lero mukamupeza m'munda usiku wonse mphuno ili pansi, akukumbakumba mozungulira, musamufunse. O uja sanamalizebe.

Nthano yanga yagwera pomwepo, kaphuleni mbatata zisanapserere. Koma inu akuluakulu amene mumakwapula mwana wa sitandade wani kuti sakuwerenga ngati loya, mchenga si uwu? Kamtengo si aka? Tayambani mwalemba inu, ife tione.